Mayi Akabwerera ku Ntchito, Mwana Atsala ndi Yani?

Ntchito m'maofesi a boma imayamba 7:30 m'mawa. Kuti kalaliki wa ku Capital Hill, namwino wa pachipatala cha Bwaila kapena mphunzitsi wa kupulayimale afike nthawi yabwino, amayenera kuchoka pakhomo dzuwa lisanakwere, makamaka ngati amakhala kutali monga ku Area 25, ku Area 49 kapena ku Area 36 ndipo amadalira minibasi. Madzulo nakonso mndandanda wa magalimoto pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town umamuchedwetsa. Tikawerengera bwino, kholo lotere limakhala kunja kwa nyumba pafupifupi maola 10 kapena 11 patsiku, masiku asanu pasabata. Maola onsewa pamakhala wina amene wabereka mwana wake kumbuyo, kumudyetsa, kumusintha thewera ndi kumutonthoza akalira.

Ife amene timayendera mabanja pankhani za umoyo kuno ku Area 1 ndi madera oyandikana nafe timamva funso limodzimodzi m'nyumba zambiri za ogwira ntchito m'boma: tchuthi chikatha, mwanayu timusiyira yani, nanga ndalama yake ichokera kuti? Anthu amaganiza kuti munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi sangavutike ndi zimenezi. Koma amene ali m'magiredi apansi ndi apakati amadziwa kuti akachotsa lendi, thiransipoti, chakudya, madzi ndi magetsi, yotsala yolipirira mlezi imakhala yochepa kwambiri. Mapeto ake nkhani yofunika chotere imakonzedwa mothamanga sabata yomaliza ya tchuthi, ndipo wovutika amakhala mwana.

Chimene lamulo limatipatsa

Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati mayi wogwira ntchito apatsidwe tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pazaka zitatu zilizonse. Ogwira ntchito m'boma ali ndi mwayi woposerapo pang'ono chifukwa malamulo awo amapereka masiku 90. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli n'kuwonjezera zinthu ziwiri zimene mabanja ambiri sakuzidziwabe. Choyamba, bambo naye ali ndi tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa, kamodzinso pazaka zitatu. Chachiwiri, mayi woyamwitsa ayenera kupatsidwa mpata woyamwitsa wa mphindi zosachepera 30 kawiri patsiku m'nthawi ya ntchito, kufikira mwana atakwanitsa miyezi 6.

Tsono taonani pamene pagona vuto. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo amatilangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, osapatsa mwana madzi kapena phala, kenaka kupitiriza kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Tchuthi cha m'boma ndi miyezi itatu. Pakutsala miyezi ina itatu imene mwana akufunikabe bere lokha pamene mayi ali ku ofesi. Mphindi 30 za lamulo zija zimathandiza ngati mwana ali pafupi. Mayi wogwira ntchito ku City Centre amene mwana wake ali ku Kawale kapena ku Chinsapo sangapite n'kubwerera m'mphindi 30. Mzinda wathu, umene unakhala likulu m'malo mwa Zomba mu 1975, unayalidwa motayana: maofesi kwina, nyumba kwina, misika kwinanso.

Pali chinanso. Ntchito ya boma imatumiza munthu kulikonse. Mayi wa ku Karonga kapena ku Nsanje akatumizidwa ku Lilongwe amasiya kumudzi amayi ake, azakhali ndi achemwali amene akanamulandira mwana. Kumudzi mwana amaleredwa ndi mudzi wonse. M'tauni, kuseri kwa mpanda wa njerwa, amatsala ndi munthu mmodzi.

Njira zimene zilipo ndi mtengo wake

Njira yoyamba imene ambiri amaiganiza ndi kuitanitsa agogo. Akapezeka ndi mwayi waukulu, pakuti chikondi chawo sichigulidwa. Koma agogo ali ndi munda wawo. Mvula ikayamba kugwa mu Novembala mtima wawo umakhala uli kumudzi, ndipo si bwino kuwakakamiza kusiya ulimi umene amadalira. Ena ndi okalamba, ali ndi nthenda ya shuga kapena kuthamanga kwa magazi, sangathamangitsane ndi mwana woyamba kumene kuyenda. Akabwera tiziwauzanso mwaulemu malangizo a kusikelo, chifukwa kale mwana wa miyezi iwiri ankamwetsedwa madzi ndi phala la madzimadzi, zimene lero tikudziwa kuti zimatsegula m'mimba.

Njira yachiwiri ndi kulemba wantchito wapakhomo. Boma limaika malipiro otsikitsitsa a antchito apakhomo: mu 2024 anali K52,000 pamwezi, ndipo mu 2025 anakwera kufika pa K72,800. Pamwamba pake pali chakudya, sopo, malo ogona ndi chithandizo akadwala. Kwa amene ali pagiredi yapansi ndalama imeneyi ndi gawo lalikulu la malipiro ake, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene mitengo ya zinthu inathamanga kusiya malipiro m'mbuyo. Komabe kwa wantchitoyo ndalama yomweyo ndi yochepa. Mbali zonse ziwiri zikulira, ndipo n'chifukwa chake antchito sakhalitsa pakhomo limodzi. Mwana amene alezi ake amasinthasintha miyezi iwiri iliyonse amavutika kuzolowera munthu, amalira kwambiri ndiponso amakana kudya.

Njira yachitatu ndi sukulu za mkaka zomwe si zaboma. Zilipo zambiri mumzinda muno. Za m'madera a anthu opeza bwino monga Area 3, Area 10, Area 43 ndi Area 47 zimakhala ndi bwalo ndi zipangizo, koma fizi yake wogwira ntchito m'boma wamba sangaifikire. Zotsika mtengo zimapezeka m'makomboni, zina m'chipinda chimodzi cha nyumba ya munthu, ana ambirimbiri mlezi mmodzi. Zambiri zimalandira ana oyambira zaka ziwiri kapena zitatu ndipo zimaweruka masana, kotero pamafunikabe munthu wokamutenga mwana ndi kukhala naye mpaka madzulo. Banja limapezeka likulipira pawiri, fizi ndi wantchito.

Njira yachinayi ndi sukulu za mkombaphala, zimene m'malamulo a boma zimatchedwa CBCC. Zimayang'aniridwa ndi unduna woona za chisamaliro cha ana pansi pa ndondomeko ya mmera mpoyamba, imene inakhazikitsidwa mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2017. Zathandiza ana ochuluka, makamaka kumidzi. Koma zinakonzedwera ana a zaka zitatu mpaka zisanu, zimatsegulidwa m'mawa mokha, ndipo alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Sizingasunge khanda la miyezi inayi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Choncho kuchokera pamene tchuthi cha uchembere chathera kufikira mwana atakwanitsa zaka zitatu, banja limadzionera lokha. Kwa anamwino, apolisi ndi oyang'anira ndende amene amagwira ntchito usiku ndi kumapeto kwa sabata, vutoli limakula kawiri.

Mwana asalere mwana mnzake

Ndalama ikavuta, njira yapafupi imene ambiri timathamangira ndi kutumiza uthenga kumudzi kuti atipezere kamtsikana. Kamabwera ka zaka 12 kapena 14, makolo ake atalonjezedwa kuti kadzaphunzira m'tauni. Kawirikawiri sukuluyo siyambika, kapena kamapita masiku ochepa n'kusiya chifukwa kotsala ndi mwana kulibe. Tiyeni tinene mosabisa: malamulo aakulu a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulayimale. Tikamutulutsa m'kalasi mwana wa mlongo wathu kuti ife tipite kuntchito, tagula tsogolo la mwana wathu ndi tsogolo la mwana wa wina. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ngakhale tikanaganizira za khanda lathu lokha, njirayi ndi yoopsa. Mtsikana wa zaka 13 sangazindikire kuti mwana akupuma mobanika, sadziwa chochita mwana akatsamwa, ndipo amaopa kuimba foni kuti angakalipiridwe. Amatopa, amasewera, amaiwala mbaula ili ndi moto pakhonde. Sitingamudzudzule, nayenso ndi mwana wofunika kuleredwa. Ngati tatenga mwana wa m'bale kuti timuthandize, apite kusukulu tsiku lililonse monga ana athu, ndipo ntchito yolera khanda ipatsidwe kwa munthu wamkulu. Tikaona mwana akuzunzidwa pakhomo la wina, nambala ya 116 ndi yaulere ndipo inakhazikitsidwa kuti ithandize ana.

Zimene mlezi ayenera kudziwa

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Kupinimbira sikuchitika m'nyumba zosauka zokha. Mwana akhoza kukhala m'nyumba yodzaza ndi chakudya koma n'kumasewera tsiku lonse ndi tiyi ndi zokazinga za m'mapaketi chifukwa palibe amene anamuphunzitsa mlezi wake. Ndi udindo wa kholo kuphunzitsa, ndipo tikulangiza kuti mlezi ayambe ntchito masabata awiri kapena atatu tchuthi chisanathe, kuti mwana amuzolowere ndiponso mayi aone m'mene akugwirira.

Mwana wosakwana miyezi 6 apitirize kulandira mkaka wa m'mawere wokha. Mayi afinyire mkaka m'kapu yotsuka bwino yokhala ndi chivindikiro, m'mawa asanachoke ndiponso ali kuntchito. Mkaka wofinya umakhala bwino pamalo ozizirirapo m'nyumba kwa maola anayi, ndipo mufiliji mpaka masiku anayi ngati magetsi sakuzimazima. Mlezi autenthetse poviika kapuyo m'madzi ofunda, osauwiritsa pamoto, ndipo amumwetse mwana ndi kapu, pakuti botolo limavuta kutsuka. Usiku ndi kumapeto kwa sabata mayi ayamwitse pafupipafupi kuti mkaka usachepe. Mwana akakwanitsa miyezi 6, phala lake likhale la mgaiwa lothira nsinjiro, soya, dzira kapena masamba osinja, kapenanso Likuni Phala, ndipo pamene akukula alandire zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi.

Mlezi asambe m'manja ndi sopo akasintha thewera, akachoka kuchimbudzi ndiponso asanakonze chakudya. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Madzi akumwa a mwana akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Parafini, mankhwala a makoswe ndi mapiritsi zikhale pamwamba pomwe mwana sangafike, ndipo parafini asasungidwe m'botolo la zakumwa. Ndowa ya madzi isasiyidwe yosavindikira, chifukwa mwana wokwawa akhoza kumira m'madzi ochepa. Akagona masana agone m'neti.

Pakhoma palembedwe nambala za foni za mayi, bambo ndi mnansi mmodzi wodalirika, ndipo buku la kusikelo likhale pamalo odziwika. Mlezi auzidwe kuti mwana akatentha thupi, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akamapuma mothamanga kapena mobanika, akakomoka kapena kufooka kwambiri, athamange naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, foni aimbe ali m'njira. Musiyireni ndalama yapadera ya kabaza kapena minibasi. Mapaketi a Thanzi ORS azikhala m'nyumba ndipo adziwe kasungunulidwe kake.

Tisaiwale kuti mwana amakula ndi mawu. Mlezi amene amalankhula naye, kumuimbira ndi kusewera naye pamphasa amamuthandiza kuposa kanema woyaka tsiku lonse kapena foni yomupatsa kuti atonthole. Ndipo mlezi amene walipidwa pa nthawi yake, amadya chimene banja likudya, ali ndi tsiku lopuma pasabata ndi ufulu wopita kotamanda Mulungu kwawo, ndiye amakhala ndi mtima woleza pa mwana wathu. Sitingamulalatire munthu m'mawa n'kuyembekeza kuti masana akhala wachifundo kwa khanda.

Posankha sukulu ya mkaka, pitani osapangana nawo nthawi. Werengani ana ndi alezi. Onani chimbudzi, madzi, sopo, pogona ana ndi mpanda. Funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ngati alezi anaphunzitsidwa za mmera mpoyamba, chimene amachita mwana akadwala, ndiponso ngati amapereka mwana kwa aliyense wobwera kudzamutenga. Malo amene salola kholo kulowa m'kati asiyeni, ngakhale fizi yake itsike motani.

Mutu umodzi susenza denga

Mtengo wa mlezi wamkulu, wodziwa ntchito, umalemera ukagwera banja limodzi. Mabanja awiri kapena atatu oyandikana akagwirizana kulemba mayi mmodzi wokhwima maganizo kuti azisunga ana awo m'nyumba imodzi, aliyense amalipira zochepa pamene mleziyo akulandira zoposa malipiro otsikitsitsa aja. Chofunika ndi kulemba pepala: ndalama zingati, tsiku liti, chakudya abweretsa ndani, mwana akadwala atsala kuti. Makanda asapitirire awiri kapena atatu pa mlezi mmodzi.

M'mipingo yathu muli amayi opuma pantchito, ena anali aphunzitsi ndi anamwino, amene ali ndi luso ndi nthawi. Mulinso zipinda za ana zimene zimakhala zotseka pakati pa sabata. Mpingo ukhoza kutsegula malo osungira ana kuyambira m'mawa mpaka madzulo pamtengo wongokwanira kulipira alezi ndi kugula phala, utatsata ndondomeko ya kulembetsa ku boma ndi kuphunzitsa alezi. Alezi otere alipidwe moyenera, pakuti ntchito ya tsiku lonse siingayende ndi kudzipereka kokha.

Pakhomo paokha, ndalama ya mlezi iyambe kusungidwa mimba ikangodziwika. Kuika pang'ono mwezi uliwonse ku SACCO kapena kubanki m'khonde kwa miyezi 9 kumapulumutsa banja kwa akatapila. Mayi angapemphe kuti tchuthi chake cha pachaka chilumikizidwe ndi cha uchembere, bambo natenga chake pamene mayi akubwerera kuntchito, motero mwana amakhala ndi kholo masabata ena owonjezera. Abambo anzathu, masabata awiri a lamulo aja ndi osambitsa mwana, kuchapa matewera ndi kuphika kuti mayi apume. Kupita ndi mwana kusikelo, kumusiya ndi kukamutenga kusukulu ya mkaka, ndiponso kupempha chilolezo kuntchito mwana akadwala ndi ntchito ya makolo onse awiri. Zikamagwera mayi yekha, ndiye amaoneka wojomba kuntchito ndipo kukwezedwa kumamudutsa.

Zoyenera kupempha kwa wotilemba ntchito

Boma ndi limene lalemba anthu ambiri ntchito yolandira pamwezi m'dziko muno, choncho likasintha, ena amatsatira. Mayiko ena anayamba kale. Pangano la bungwe la zantchito padziko lonse la ILO la chaka cha 2000 limati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14, ndipo Zambia inaika masabata 14 m'lamulo lake la 2019. Ku Kenya lamulo la zaumoyo la 2017 limauza olemba ntchito kukonza chipinda choyamwitsira ndi kufinyira mkaka. Ku India, kuyambira 2017, malo antchito okhala ndi anthu 50 kapena kuposerapo ayenera kukhala ndi posungira ana, ndipo tchuthi cha uchembere ndi masabata 26.

Sitikunena kuti zonsezi zichitike mawa. Koma chipinda chimodzi chaukhondo chokhala ndi mpando, mpopi ndi filiji pa unduna uliwonse si chinthu chodula, ndipo chingathetse manyazi a mayi wofinyira mkaka kuchimbudzi kapena m'galimoto. Malo amodzi osungira makanda pafupi ndi Capital Hill, ena pa Kamuzu Central Hospital otsegula usiku womwe, makolo akulipirako gawo, angapangitse mphindi 30 za lamulo zija kukhala zenizeni. Amene muli mamembala a Civil Servants Trade Union, kapena mabungwe a aphunzitsi ndi anamwino, nkhaniyi ikwezeni pamisonkhano pamodzi ndi ya malipiro. Amene muli mabwana m'maofesi, simufunika kudikira lamulo latsopano kuti mulole mayi woyamwitsa kuphatikiza mphindi zake n'kuweruka msanga ndi ola limodzi, kapena kupereka kachipinda kosagwiritsidwa ntchito. Wantchito amene mtima wake uli m'malo za mwana sajomba ndipo amagwira ntchito bwino.

Ngati pakhomo panu mukuyembekezera mwana, khalani pansi awiriwiri mwezi uno. Lembani tsiku limene tchuthi chidzathere, dzina la munthu wamkulu amene adzatsale ndi mwana, ndalama imene mudzamulipire, ndi wina wogwirizira tsiku limene iyeyo adzadwale. Kapitaninso ku ofesi yoona za antchito kwanu mukafunse za masiku 90, masabata awiri a bambo ndi mphindi zoyamwitsa, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Ngati ana anu anakula kale, gogodani pakhomo la banja lachinyamata limene layandikana nanu, mufunse kuti Lolemba mwana atsala ndi yani.